Mtengo wa feteleza umachokera kutali, koma sikelo ya venda ili pakhomo pathu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi alimi a mpunga ndi chimanga a kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota, komanso aphungu athu, pa nkhani ya mitengo. Pa wailesi ndi pa misonkhano ya ndale pakhazikika kayankhulidwe kakuti kukwera kwa feteleza ndi vuto la dziko lonse lapansi, ndiye palibe chochita. Mbali ina ya mawuwa ndi yoona. Mbali inayo ndi pobisalira anthu amene anasankha dala kuti mlimi wa maekala awiri azikumana yekhayekha ndi msika, pogula ndi pogulitsa pomwe.

Tiyambe ndi mbali yoonayo. Feteleza wa Urea, wobereketsa uja, amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka. Gasi akakwera, Urea amakweranso. Russia ndi limodzi mwa mayiko otumiza feteleza wambiri kunja, ndipo itayamba nkhondo yake ku Ukraine pa 24 February 2022, mitengo imene inali itayamba kale kukwera mu 2021 inachita kulumpha. China nayo inali itachepetsa feteleza wogulitsa kunja pofuna kuteteza alimi ake. Ife tilibe fakitale yopanga Urea, tilibenso doko la kunyanja yamchere, choncho thumba lililonse limagulidwa ndi madola n'kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam.

Koma nkhondo si imene inagwetsa kwacha. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 n'kufika cha pa K1,700 usiku umodzi. Patangopita masiku ochepa bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko la IMF linavomera kupatsa Malawi ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Aliyense adziwerengere yekha kugwirizana kwa zinthu ziwirizi. Thumba limene linali cha m'ma K20,000 mu 2020 linali litadutsa K100,000 pofika kumapeto a 2024, pamene pa msika wa dziko lonse mtengo wa Urea unali utatsika kale kuchoka pamene unafika mu 2022. Ndiye kuti gawo lalikulu la ululu umene mlimi wa ku Khombedza kapena ku Mwansambo akumva lero silikuchokera ku Ukraine. Likuchokera ku ngongole za boma, ku kusowa kwa ndalama zakunja, ndi ku mankhwala amene obwereketsa ndalama amatilembera nthawi zonse, omwe amamwa ndi wosauka pomwe anadwalitsa chuma ndi ena.

Mankhwala amenewa si achilendo. Malawi anayamba kutsatira ndondomeko za World Bank ndi IMF mu 1981. Mu 1987 anthu wamba analoledwa kugula mbewu za alimi ang'onoang'ono, ndipo misika yambiri ya ADMARC ya kumidzi inayamba kutsekedwa chifukwa ankati sipanga phindu. Sindikunena kuti ADMARC ya nthawi ya Kamuzu inali yoyera. Inkagula motchipa kwa alimi, phindu n'kumapita ku maesiteti a anthu akuluakulu. Koma mankhwala a msika wobera alimi anayenera kukhala kuukonza kuti ukhale wa alimiwo, osati kuupereka kwa mavenda. Mu 2000 ndi 2001 chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chinagulitsidwa. A IMF analangiza kuti nkhokwezo zichepetsedwe pofuna kubweza ngongole, ndipo anthu athu ena a maudindo anapitirira pamenepo n'kusesa pafupifupi chonse. Njala ya 2002 akuluakulu a kuno akuikumbukira bwino, chifukwa Salima pamodzi ndi Mchinji ndi maboma amene bungwe la Save the Children linayambira kuchenjeza kuti ana akutha ndi njala.

Chimene chimandinyansa n'chakuti otiuza kuti boma lichoke pa msika sachita zimenezo kwawo. Mayiko a European Union amaika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti yawo ya mgwirizano pa kuthandiza alimi. America ili ndi lamulo lake lothandiza alimi limene imalikonzanso pakapita zaka zingapo. India imagulitsa Urea kwa alimi ake pa mtengo wotsitsidwa ndi boma, imagula mpunga pa mtengo wokhazikitsidwa ndi boma, ndipo mu July 2023 inaletsa kutumiza kunja mitundu ina ya mpunga popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Bingu wa Mutharika atayambitsa sabuside ya feteleza mu 2005, abwenzi otithandiza ambiri anakana, koma pofika 2007 tinali kugulitsa chimanga ku Zimbabwe. Sabuside ili ndi matenda ake, kaya itchedwe FISP kaya AIP: mayina a akufa pa mndandanda, makuponi ogulitsidwa kwa mavenda, feteleza wofika mu January chimanga chitatalika kale. Koma amenewo ndi matenda a kayendetsedwe, ndipo si umboni woti wosauka asathandizidwe.

Pali chinanso chimene ife a ku Salima tiyenera kumachifunsa mokweza. Njanji yochokera ku Nacala imadutsa ku Nkaya, ku Chipoka ndi pa boma pathu pano popita ku Kanengo. Pa Chipoka pali doko limene linamangidwa kuti katundu azitsika m'sitima ya pamtunda n'kukwera ya pamadzi kupita ku Nkhotakota, Nkhata Bay mpaka Chilumba. Njanjiyo inaperekedwa m'manja mwa kampani mu 1999. Lero katundu wambiri wolemera amayenda pa malole amene amamwa dizilo wogulidwa ndi madola omwe tikusowawo, n'kumakumbanso msewu wa M5. Mtengo wa mayendedwe umenewo umathera m'thumba la feteleza.

Komabe, Akonzi, cholinga chenicheni cha kalatayi ndi mbali ya kugulitsa, chifukwa kumeneko ndi kumene mlimi amaberedwa maso ali gwa, ndipo ndi kumene angadziteteze chaka chino chomwe osadikira IMF ndi World Bank.

Choyamba ndi sikelo. Sikelo zolendewera zimene mavenda amapachika pa mtengo wa mango zili ndi kachitsulo kopotokola kosinthira muvi. Muvi ukabwezedwa kumbuyo pang'ono, kapena sipuling'i ya m'kati ikasinthidwa, thumba la makilogalamu 50 limaonetsa 46. Pa matumba 20 ndiye kuti makilogalamu 80 apita, thumba limodzi ndi theka ndi kuposerapo. Kuyesa sikelo sikufuna sukulu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tengani chigubu cha malita 20, muchiyeze chopanda kanthu, muthiremo madzi malita 20 poyeza ndi botolo la lita imodzi, muchipachikenso. Muvi uyenera kukwera ndi makilogalamu 20 enieni. Osayesa ndi paketi imodzi ya shuga yokha, chifukwa sikelo yobera imatha kuonetsa zoona pa zinthu zopepuka n'kumanama pa zolemera. Lamulo limafuna kuti sikelo ya malonda iyesedwe ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards ndipo ikhale ndi chizindikiro chake. Wogula wokana kuti sikelo yake iyesedwe wakuuzani kale zonse. Kugulitsa pa ndowa ndiye koipitsitsa, chifukwa ndowa ya venda imakhala yophwanyidwa pansi kuti ifutukuke, ndipo amafuna yodzadza mpaka kupanga phiri.

Chachiwiri ndi kaumitsidwe, ndipo pano alimi a mpunga a ku Lifuwu, ku Bua ndi m'madambo ena amataya ndalama zambiri osadziwa. Mpunga wosapuntha umasungika bwino chinyezi chikakhala cha pa 14 peresenti, chimanga cha pa 13. Ukasungidwa wauwisi umatentha m'thumba, umasanduka wachikasu ndi kuchita nkhungu. Koma kuuma mopitirira nakonso n'koipa, ndipo ndi vuto lofala kuno kunyanja kumene dzuwa limaswa mtengo. Mpunga woyanikidwa mopyapyala pa simenti yotentha masana onse, kenako n'kugwidwa ndi mame kapena kamvula, umang'aluka m'kati mwa khoko. Maso saona, koma ku chigayo umatuluka woswekasweka, ndipo Kilombero woswekasweka sagulidwa pa mtengo wa Kilombero. Yanikani pa lona, mokhuthala ngati zala zitatu kapena zinayi, muzitembenuza pafupifupi theka la ola lililonse, dzuwa likafika pamutu muunjike ndi kuphimba, ndipo usagone panja. Kuchedwa kumweta nakonso kumang'alula njere zili m'munda momwemo, choncho mwetani ngala zambiri zikasanduka zachikasu, osadikira kuti munda wonse uume gwa.

Wopanda makina oyezera chinyezi agwiritse ntchito mchere. Botolo lagalasi louma bwino, mbewu zodzadza gawo limodzi mwa magawo atatu a botololo, masupuni awiri kapena atatu a mchere woumitsidwa padzuwa kapena pa chiwaya. Tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, musiye kwa mphindi 15, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mbewuzo sizinaume. Njirayi imalephera ngati mcherewo unali kale ndi chinyezi, ndiye yambani mwaukhutchumula wokha m'botolo kuti muone ngati sukumata. Matumba a PICS, aja a mapepala awiri m'kati ndi saka kunja, amapha anankafumbwe ndi kapuchi powamana mpweya, popanda mankhwala. Koma pepala lililonse limangidwe palokha mutafinya mpweya, mbewu zikhale zouma, ndipo kabowo kamodzi ka khoswe kapena ka msomali kamathetsa ntchito yonse.

Chachitatu ndi kupuntha. Makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha wouma bwino amatulutsa pafupifupi makilogalamu 65 a mpunga woyera. Otsalawo ndi mankhusu ndi deya, ndipo deyayo ndi chakudya cha nkhumba, nkhuku ndi nsomba za m'madamu. Choncho mlimi asanagulitse wosapuntha awerengere: mtengo wa kilogalamu ya wopuntha auchulukitse ndi 65, achotse ndalama ya chigayo, matumba ndi mayendedwe, kenako afanizire ndi zimene venda akupereka pa makilogalamu 100 a wosapuntha. Kusiyana kumene kutsalepo ndi malipiro a venda pa ntchito imene gulu la alimi lingathe kuchita lokha. Chenjezo lake n'lakuti mpunga wopuntha sukhalitsa ngati wa m'makoko, ndiye sungani wosapuntha ndipo muzipuntha pokhapokha wogula atapezeka. Musasakanizenso mitundu. Kilombero, Faya ndi Pusa zikalowa m'thumba limodzi, zonse zimagulidwa pa mtengo wa wotchipayo.

Nanga n'chifukwa chiyani mlimi wodziwa zonsezi amagulitsabe mu May pa mtengo wolira? Si umbuli, monga amanenera ena a m'maofesi. Ndi ngongole. Mu February, ufa utatha, mwana akudwala malungo, fizi ikufunika, munthu amatenga katapila kapena kugulitsiratu mpunga uli m'munda. Amene anamubwereketsa ndi yemweyo amene adzabwere ndi sikelo. Pofika nthawi yokolola, theka la zokolola lili ndi mwini wake kale. Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, koma mtengo wa pa pepala ulibe mphamvu ngati palibe wogula wa boma wokhala ndi ndalama m'manja pa tsikulo. ADMARC ikalandira ndalama mu August kapena September, imagula kwa mavenda amene anasesa kale m'midzi, ndiye kuti msonkho wa anthu wathandiza wapakati. Ndipo mu 2022 boma linafika poitseka kwa kanthawi ndi kuchotsa antchito ake.

Apa ndi pamene kopaletivi imalowera, ndipo ndikunena kopaletivi yeniyeni, osati ija yopangidwa sabata imodzi chifukwa pulojekiti yabwera ndi mapampu. Lamulo la makopaletivi la 1998 limalola anthu khumi kapena kuposerapo kulembetsa kudzera ku unduna wa zamalonda, ndipo ofesi ya zamalonda ya pa khonsolo ndi alangizi a zaulimi amathandiza kukonza mapepala. Kulembetsa n'kosavuta. Chovuta ndi kukhala ndi moyo chaka chachiwiri, ndipo zimene zimapha magulu amenewa n'zodziwika.

Chachikulu ndi kugulitsa kumbali. Membala amalonjeza matumba khumi, venda akafika ndi ndalama pamanja amagulitsa asanu ndi atatu usiku. Musamunyoze, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gulu limene limangouza anthu kuti dikirani mpaka November popanda kuwapatsa kanthu lidzatsala ndi nyumba yopanda matumba. Njira yake ndi malipiro oyamba: membala akabweretsa mpunga alandire pompo gawo la mtengo wa tsikulo, mwina theka, ndipo zotsalazo adzalandire mpunga ukagulitsidwa, atachotsa zolipira zimene onse anagwirizana. Ndalama ya malipiro oyambawo ichokere ku masheya a mamembala ndi ku banki mkhonde, ndipo magulu a banki mkhonde aganizire zosuntha nthawi yogawana. Ambiri amagawana mu December, ndalama n'kuthera pa Khirisimasi ndi feteleza, pamene nthawi imene ndalama ya gulu ingapulumutse zokolola ndi February mpaka June. Pali lamulo la 2018 lokhudza malisiti a nyumba zosungiramo mbewu, limene limalola kuti lisiti ya mbewu zosungidwa m'nyumba yovomerezeka ikhale chikole ku banki. Ndi njira yabwino, koma ndi chiwongoladzanja cha mabanki athu muwerengere kaye ngati kukwera kwa mtengo kudzapose chiwongoladzanjacho pamodzi ndi lendi ya nyumba. Zaka zina mtengo sukwera mokwanira, ndipo gulu loona mtima limawauziratu mamembala zimenezo.

China ndi komiti. Gulu likagwidwa ndi munthu mmodzi wolemera, kapena wachibale wa amfumu, kapena wapampando wa chipani, latha. Mfundo ya kopaletivi ndi yakuti membala mmodzi voti imodzi, kaya ali ndi masheya angati. Amayi, amene ndiwo amawokera, kupalira ndi kuwinga mbalame, alembedwe m'dzina lawo ndipo ndalama azilandira okha. Nyumba yosungiramo ikhale ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osachokera banja limodzi. Thumba lililonse lolowa liyezedwe mwini wake akuona, lilembedwe m'buku ndi pa lisiti ya mapepala awiri, lina kwa mlimi lina kwa gulu. Matumba asanjidwe pa mathandala, osagunda pansi kapena khoma, ndipo pasiyidwe mpata woti munthu adutse poyendera. Buku liwerengedwe mokweza pa msonkhano mwezi uliwonse. Msungichuma wokwiya akafunsidwa za buku achotsedwe msanga, ndalama zisanathe.

Gulu lomwelo ligule feteleza pamodzi mu June kapena July, mitengo isanakwere, mwachindunji kwa kampani. Ndipo pano ndinenepo za manyowa a Mbeya, chifukwa pali bodza limene likufala. Kapangidwe kofala ndi aka: makilogalamu 10 a feteleza, 20 a madeya a chimanga, 10 a ndowe zouma zopunthidwa za nkhuku, mbuzi kapena nkhumba, 10 a phulusa losefa, ndi madzi malita 5. Zisakanizidwe bwino, ziikidwe m'thumba lokhala ndi pepala la pulasitiki m'kati, limangidwe kuti mpweya usalowe, likhale pamthunzi masiku 21, kenako ziumitsidwe pamthunzi. Madzi akachuluka zimaola ndi kununkha, thumba likabooka mphamvu imathawa. Manyowawa amathandiza nthaka ya mchenga ngati ya kuno kusunga chinyezi, ndipo ndi abwino kuposa kubzala popanda kanthu. Koma kunena kuti thumba limodzi la feteleza lasanduka matumba asanu n'kunamiza anthu. Thumba la Urea lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, pakuti Urea ndi 46 peresenti. Makilogalamu 10 ali ndi 4.6 okha, ndipo ndowe ndi madeya zimangoonjezera pang'ono. Wothira kapu yomweyo imene amathirira feteleza weniweni adzaona chimanga chachikasu. Andale asagwiritse ntchito Mbeya ngati chifukwa chothawira udindo wawo.

Kwa aphungu a Salima ndi Nkhotakota, zopempha zanga n'zowerengeka. Ndalama zogulira mbewu za ADMARC ndi NFRA, bungwe losunga chimanga m'nkhokwe za boma, zizituluka mu April, ndipo gawo lina lizisungidwira makopaletivi olembetsedwa kuti asapikisane ndi malole a anthu olemera pa mzere umodzi. Misika ya ADMARC imene yangokhala m'madera athu ibwerekedwe kwa magulu a alimi ngati nyumba zosungiramo. Khonsolo, imene imatolera ziphaso pa msika tsiku lililonse, iike sikelo yoyesedwa pa misika ikuluikulu ngati Kamuzu Road, Thavite, Benga ndi Dwangwa, yoti aliyense ayezerepo ulere. Ndipo mukakhala m'Nyumba ya Malamulo mufunse chifukwa chake ndalama zolipira chiwongoladzanja cha ngongole za boma zaposa zimene timapereka ku zaumoyo, pamene mbali yaikulu ya chiwongoladzanjacho ikupita ku mabanki a m'dziko momwe muno amene amalengeza phindu lochuluka chaka ndi chaka. Ngongole zathu zambiri zakunja zinakhululukidwa mu 2006, ndipo anthu ali ndi ufulu wodziwa amene anatibwezeramo, pa zinthu ziti. Pangano lililonse latsopano ndi IMF lizikambidwa poyera m'Nyumbayo lisanasainidwe.

Za nyengo ndingonena mwachidule. Namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 mu March 2023, madzi osefukira anasamutsa mabanja ambiri ku Dwangwa kumayambiriro a 2024, ndipo chaka chomwecho boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Utsi umene ukusokoneza nyengo sunachokere kuno. Thumba la ndalama lolipira zowonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo linavomerezedwa pa msonkhano wa mayiko wa zanyengo ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu 2022, koma malonjezo oyamba ku Dubai mu 2023 anali madola pafupifupi 700 miliyoni a mayiko onse osauka pamodzi. Nthumwi zathu zizipita ku misonkhano imeneyi kukalonjerera ngongole, osati kukapempha chifundo, makamaka pano pamene America inadula thandizo lake la USAID mu 2025. Ndalama zoterozo zikabwera, zoyamba zipite kukakonza ngalande ndi migula ya masikimu a mthirira imene madzi anagumula, chifukwa sikimu ya ngalande zokwiririka imakolola kamodzi pa chaka m'malo mwa kawiri.

Ine wanu,
Mlimi wa mpunga,
Lifuwu, Salima